Kamphika ka Maluwa Pawindo mu Febuluwale wa ku Britain

Munthu wofika ku Britain mu Ogasiti amaona ngati amene anamuopseza za nyengo yozizira ankangokokomeza. Dzuwa limalowa mochedwa, mitengo ili biriwiri, anthu ali m'makabudula. Pofika Disembala mdima umakhala utakula ndithu, koma Khirisimasi imaphimba zambiri: magetsi a mitundumitundu m'misewu, makwaya kutchalitchi, nsima ya pamodzi ndi anzathu a kumudzi. Za Febuluwale ndiye palibe amene amakuuza. Magetsi aja anawachotsa kalekale, ndalama inapita ndi zikondwerero, mitengo yangoti njo popanda tsamba, kumwamba kuli mbuu ngati phulusa la dzulo. Ndi nthawi imeneyi pamene eni dziko amayamba kuunjikana pa timaluwa toyera totuluka m'matope, ena mpaka kugwada kuti ationetsetse, ndipo m'masitolo mumadzaza timiphika ta zomera. Mafunso otsatirawa ndawamva kwa abale athu okhala kuno, ena kwa a kumudzi pafoni, ndipo angapo ndinadzifunsa ndekha chaka changa choyamba.

Kuzizira timakudziwa, enafe tinakulira ku Dedza. Chachilendo n'chiyani ndi kuzizira kwa kunoku?

Kuzizira pakokha kuli ndi mankhwala ake: jekete, masokosi, hita. Chimene chimafoola munthu ndi mdima. Ku Lilongwe usana wa mu Juni ndi wa mu Disembala umasiyana ndi ola limodzi ndi mphindi pafupifupi 40 basi, moti ambiri sitizindikira n'komwe. Ku London pa 21 Disembala usana sukwana maola 8, ndipo dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane. Ku Glasgow ndi ku Edinburgh ndi pafupifupi maola 7. Dzuwa lakenso ndi longoyenda m'mphepete mwa thambo, losafika pamutu, loti masanasana chithunzithunzi chako chimatalika ngati cha madzulo. Tsono taganizani za mlongo wathu wogwira shifiti ya maola 12 kunyumba yosamalira okalamba. Wachoka kuli mdima, wabwera kuli mdima, tsiku lopuma wagona. Sabata imatha dzuwa asanalione.

Ena pomasulira amaitcha nyengo imeneyi dzinja, ndipo amasokoneza anthu. Dzinja lathu ndi nthawi imene dziko lonse limakhala lamoyo, achule akulira, udzu ukukula ukuuona. Miyezi yomweyomweyo kuno zonse zimakhala zitagona. Chofanana ndi chimodzi: Febuluwale kumudzi ndi mwezi wa njala, nkhokwe yatha koma mondokwa sanafike, ndipo kuno ndi mwezi wa njala ya dzuwa.

Njala imeneyi madokotala amaidziwa. Mu 1984 Norman Rosenthal ndi anzake ku National Institute of Mental Health ku America anafotokoza matenda ovutika maganizo obwera ndi nyengo, amene masiku ano anthu amangoti SAD. Rosenthal anabadwira ku Johannesburg, ndipo kufooka kwa m'miyezi yamdima anayamba kukumva m'thupi mwake atasamukira ku America. Zizindikiro zake ndi tulo tosatha, chilakolako cha buledi ndi zotsekemera, thupi lolemera, ndi kusafuna kuonana ndi anthu.

Maluwa sadyedwa. Munthu wamkulu, woti kumudzi ana akudikira fizi, n'kumataya ndalama pa duwa?

Funso limeneli ndimalilemekeza, chifukwa nanenso ndinakulira pakhomo pamene malo aliwonse onyowa ankabzalapo mpiru. Maluwa anali a kumishoni, a pabwalo la sukulu ozunguliridwa ndi njerwa zopaka laimu, ndi a nkhata za pamaliro. Koma kumbukirani agogo anu aamuna m'mawa wa mu Disembala, mvula itagwa usiku. Ankadzuka n'kulowera kumunda opanda khasu, manja ali kumbuyo, kukangozonda. Sankapalira, sankathyola kanthu. Ankakaona ngati chimanga chasolola, ngati nyemba zatukula dothi, ngati dzungu layamba kuyanga. Pobwerako nkhope inkakhala ina. M'manja analibe chilichonse, koma ankabwera atatsimikiza kuti nthawi ikuyenda, ndipo ikuyendera iwo.

Chimenecho ndi chimene chimasowa mu Febuluwale wa kuno. Masiku amafanana ngati mapasa: basi yomweyo, mitambo yomweyo, kamvula kowaza komweko. Kamphika ka duwa lotchedwa hyacinth pawindo kamakhala chinthu chokhacho m'nyumba chimene lero sichili mmene chinalili dzulo. Lolemba mwaona kansonga kobiriwira ngati chala cha khanda. Lachinayi kang'ambika pakati. Sabata yamawa m'katimo mwatuluka kangale ka timaluwa tothinana, ndipo tsiku lina potsegula chitseko mukulandiridwa ndi fungo. Mumapezeka mwadzuka n'kupita kukakaona musanateleke madzi a tiyi. Ndi kuzonda munda kuja, kungoti munda wake ukukwana m'manja awiri.

Pa za ndalama, musadandaule kwenikweni. Mtolo wa daffodil m'supamaketi nthawi ino mtengo wake sufika wa kapu ya khofi m'tauni. Odula ndi marozi a pa 14 Febuluwale, amene ambiri amachokera ku Kenya pandege, ndipo amenewo sindikuwerengera pano.

Kodi pali umboni woti zomera zimathandizadi, kapena ndi zonena za ogulitsa?

Umboni ulipo, koma si waukulu ngati mmene ogulitsa amaukuzira. Mu 1984 Roger Ulrich anafalitsa kafukufuku wa odwala 46 amene anachitidwa opaleshoni ya ndulu pachipatala china ku Pennsylvania. Theka la iwo linagona m'zipinda zoona mitengo pawindo, theka lina m'zipinda zoona khoma la njerwa. Oona mitengo aja anatuluka msanga ndi pafupifupi tsiku limodzi ndipo anafuna mankhwala amphamvu opha ululu ochepa.

Wondigwira mtima kwambiri ine ndi wa Ellen Langer ndi Judith Rodin wa mu 1976, kunyumba yosamalira okalamba ku Connecticut. Okalamba onse analandira chomera. Gulu lina linauzidwa kuti anamwino ndiwo azithirira. Linalo linapatsidwa mwayi wosankha lokha chomera n'kumachisamala lokha, komanso wodzisankhira zinthu zina za tsiku ndi tsiku. Patapita masabata atatu, a gulu lachiwirili anali atachangamuka ndipo ankanena kuti akusangalala kuposa anzawo. Chomera sichinali chosiyanitsa chokhacho, koma phunziro lake likumveka: duwa lokuikira wina ndi chokongoletsa, duwa lodalira dzanja lako ndi ntchito, ndipo munthu wokhala ndi kantchito komudikira sagwa mphwayi msanga.

Nanga zoti zomera zimayeretsa mpweya m'nyumba? Nkhani imeneyi inachokera ku kafukufuku wa NASA wa mu 1989, amene anachitikira m'mabokosi otsekedwa. Mu 2019 Bryan Cummings ndi Michael Waring a ku yunivesite ya Drexel anawerengera n'kupeza kuti m'nyumba yeniyeni pangafunike zomera pakati pa 10 ndi 1,000 pa sikweya mita imodzi kuti zifanane ndi mpweya umene umalowa ndi kutuluka wokha. Mukafuna mpweya wabwino, tsegulani windo mphindi zochepa.

Maluwa oyamba kutuluka panja ndi ati, ndipo amatha bwanji kumera kukuzizira chonchi?

Woyamba ndi snowdrop, kuyambira mu Januwale. Ndi kaduwa koyera, kosatalika kuposa chikhatho, kozyolika ngati mwana wamanyazi akupereka moni. Dzina lake lasayansi, Galanthus, limachokera ku mawu a Chigiriki otanthauza duwa la mkaka. Akhirisitu akale kuno ankalilumikiza ndi chikondwerero cha Candlemas cha pa 2 Febuluwale, ndipo mpaka lero limapezeka lambiri m'manda akale ozungulira matchalitchi. Pamenepa mtima wa Mmalawi umayamba wakana, poti kwathu kumanda sulowa wamba popanda chilolezo cha amfumu. Kuno anthu amayendamo ngati m'paki, ena atakhala pabenchi kudya masangweji. Ndinatenga zaka ziwiri ndisanazolowere, koma maluwa a kumeneko ndi aulere. Ofuna kuona chipiringu chake amapita ku Anglesey Abbey pafupi ndi Cambridge, ku Colesbourne Park ku Gloucestershire, kapena ku Cambo ku Scotland. Alipo anthu openga nako kaduwaka: mu 2022 mutu umodzi wokha wa mtundu wotchedwa Golden Tears unagulidwa mapaundi 1,850 pa eBay. Nkhani imeneyi musakawauze amalume kumudzi.

Pambuyo pake pamabwera crocus, wamfupi, wachikasu kapena wapepo, amene amatsegula dzuwa likawala n'kutseka kukachita mitambo. Mukaona crocus wapepo wambiri m'mphepete mwa msewu kapena pabwalo la sukulu, nthawi zina ndi wobzalidwa ndi a Rotary pa ntchito yawo yothetsa poliyo. Mtundu wakewo ndi wa inki ija amapaka pa kachala kakang'ono ka mwana akalandira katemera, imene makolo a kwathu anaionanso kwambiri matendawa atapezeka ku Lilongwe mu Febuluwale 2022. Kenaka daffodil, wachikasu, wooneka ngati lipenga. Ndi duwa la dziko la Wales, ndipo anthu a kumeneko amalivala pachifuwa pa 1 Malichi, tsiku la David Woyera.

Chinsinsi chawo onsewa chili pansi. Ali ndi mutu, wa ambiri mwa iwo wonga anyezi, umene ndi nkhokwe ya chakudya cha chaka chatha, ndipo m'mitundu ngati daffodil ndi hyacinth duwa limakhala litaumbika kale m'katimo kuyambira chilimwe. Safunika kudikira dzuwa kuti apeze mphamvu. Amathamanga chonchi kuti amalize ntchito yawo mitengo ikuluikulu isanavale masamba n'kuwachitira mthunzi. Ambiri mwa iwo samasula popanda kuyamba agona m'nthaka yozizira kwa masabata ambiri, n'chifukwa chake simuwaona m'madera otentha a kwathu. Koma khalidwe lake si lachilendo kwa ife. Mitengo ya m'tchire la miombo imavala masamba ofiira mu Sepitembala, mvula isanagwe ngakhale dontho, podalira zimene inasunga.

Ndingakumbeko pang'ono m'paki n'kukabzala kwanga?

Ayi. Lamulo la mu 1981 loteteza zachilengedwe limaletsa kuzula chomera chakutchire popanda chilolezo cha mwini malo, ndipo maluwa a m'paki ali ndi eni ake, a khonsolo. Jambulani pafoni n'kuwasiya pomwepo.

Mitu imeneyi ikufanana kwambiri ndi anyezi. Palibe choopsa?

Chilipo, ndipo apa mpamene pali pofunika kumvetsera, poti safunsa anadya phula. Mutu wa daffodil ukauma makoko umaoneka ngati anyezi weniweni, ndipo uli ndi poizoni wotchedwa lycorine amene amasanzitsa ndi kutsegula m'mimba. Kuphika sikumuchotsa. Mu 2015 bungwe la Public Health England linachita kulembera masupamaketi kuwapempha kuti asamaike daffodil pafupi ndi ndiwo zamasamba ndi zipatso, chifukwa anthu ena ankagula mitu yake poyesa anyezi, ena mapesi ake osamasula poyesa ndiwo. Ife timakonda kusunga chilichonse chozungulira m'dengu limodzi kukhitchini. Mitu ya maluwa isalowemo, makamaka ngati pakhomo pabwera amayi kapena apongozi kudzathandiza mwana wakhanda, amene sanaionepo. Muwaonetse ndithu n'kuwauza. Mukakayika, nunkhizani: anyezi amadziwika ndi fungo, daffodil alibe fungo limenelo.

Mitu ya hyacinth imayabwa m'manja, choncho sambani mukaigwira. Ngati muli ndi mphaka, maluwa a lily asalowe m'nyumba, chifukwa ngakhale ufa wake wachikasu uja umaononga impso za mphaka. Ndipo mwana wokwawa amalawa chilichonse, ndiye miphika ikhale pamwamba.

Febuluwale wafika kale ndipo sindinabzale kanthu. Ndachedwa?

Kubzala mitu mwachedwa, koma kusangalala nayo ayi. Alimi anakuchitirani kale ntchito yoiziziritsa, ndipo m'masitolo muli timiphika ta hyacinth, crocus, ndi kadaffodil kakafupi kotchedwa Tête-à-tête, kamene anakapanga mlimi wa ku Cornwall, Alec Gray. Posankha, siyani kamphika kamene kamasula kale ngakhale kakukopeni bwanji. Tengani kamene kangotulutsa nsonga, chifukwa chokoma chake chili pa kudikirako. Kunyumba kaikeni pamalo owala koma ozizirirapo. Pafupi ndi hita maluwa a masabata awiri kapena atatu amatha m'masiku ochepa, mapesi atatalika n'kugwa ngati chimanga cha pamthunzi.

Daffodil wodulidwa amagulitsidwa wopanda madzi, atatseka ngati masamba a anyezi omangidwa ndi labala. Dulani pang'ono kumunsi, muike m'botolo la madzi, ndipo pakapita tsiku limodzi kapena awiri m'chipinda mumawala chikasu. Muike yekha. Amatulutsa utomoni woterera ngati therere umene umafooketsa maluwa ena, makamaka tulip.

Za chaka chamawa, lembani pakalendala mwezi wa Sepitembala kapena Okutobala. Gulani mitu ya hyacinth, muibzale nsonga zikuonekera pamwamba pa dothi, muiike pamalo amdima ndi ozizira, monga m'shedi kapena m'galaja, kwa masabata 10 kapena kuposerapo. Nsonga zikatalika masentimita 4 kapena 5, ilowetseni. Wosafuna chintchito chonsechi agule paperwhite kapena amaryllis, amene safuna kuzizidwa. Amaryllis amatenga masabata 6 mpaka 8, ndipo phesi lake limakula mofulumira moti ana amatha kuliyeza ndi lula m'mawa uliwonse. Fungo la paperwhite lokha ndiye logawanitsa banja: ena amati ndi labwino, ena amati likununkha khola.

Chipinda changa ndi cha lendi, windo limodzi loyang'ana khoma. Chingapirire m'menemo n'chiyani?

Apa pali nkhani yoseketsa. Zambiri mwa zomera zimene a ku Britain amalera m'nyumba zawo ndi anzathu ochokera ku Africa, obwera ngati ife tomwe. Chomera cha masamba onenepa, onyezimira ngati apakidwa mafuta, chimene amachitcha ZZ, dzina lonse Zamioculcas, kwawo ndi kum'mawa kwa Africa, kuyambira ku Kenya kudutsa ku Malawi ndi Mozambique mpaka ku KwaZulu-Natal. Pansi chili ndi mitu ngati ya mbatata yosungira madzi, ndipo chinazolowera mthunzi ndi chilimwe chachitali. M'chipinda chanu chamdimacho chimenechi ndiye choyamba kugula. Chachiwiri ndi sansevieria, wa masamba oimirira ngati malupanga, wochokera kumadzulo kwa Africa, amene ngakhale mutamuiwala mwezi wathunthu sadandaula. Chachitatu ndi spider plant wa kumwera kwa Africa, amene amabala tiana tolendewera. Ameneyu musagule n'komwe. Funsani kuntchito kapena kutchalitchi, wina akupatsani kamwana, inu n'kukaika m'madzi mpaka katatulutsa mizu.

Ngati windo lanu limalandira kuwala ndithu ndipo mukufuna maluwa, pali African violet, amene Mjeremani Walter von Saint Paul-Illaire anamutola m'mapiri a Usambara ku Tanzania mu 1892. Muzimuthirira kunsi, m'kambale, chifukwa madzi ozizira amasiya mabanga pa masamba ake aubweya. Pali clivia wa ku South Africa, amene amamasula maluwa a mtundu wa lalanje nthawi ino yeniyeni, bola akhale atapuma pamalo ozizirirapo miyezi yapitayo. Palinso busy Lizzie, Impatiens walleriana, amene dzina lake likukumbutsa Horace Waller, mmodzi wa amishoni a UMCA amene anafika ku Magomero ndi Bishopu Charles Mackenzie mu 1861. Nthawi yotentha duwa limeneli limadzaza m'miphika ya pamakhomo a kuno, ndipo eni ake ambiri sadziwa kuti mwini dzinalo anapondapo m'dziko lathu.

Chondimvetsa chisoni ndi poinsettia. Kwawo ndi ku Mexico, koma tonse tinamuona kwathu ali chitsamba chotalika kuposa munthu, wofiira psuu m'miyezi ya Juni ndi Julayi. Kuno amagulitsidwa pa Khirisimasi ali kamwana ka m'kamphika, ndipo pofika Febuluwale amakhala atayoyoka masamba chifukwa cha mphepo yozizira ya pakhomo. Ngati wanu wafika pamenepo, simunalakwe kanthu kwenikweni. Ambiri amatero.

Chilichonse chimene ndagula chimafa. Ndikulakwitsa pati?

Mwina ndi pamene ndinalakwitsa ine. Chomera changa choyamba ndinkachithirira m'mawa ndi madzulo ngati dimba la tomato mu Okutobala. Masamba atayamba chikasu ndinati ndi ludzu, ndinaonjezera madzi. Nditachizula ndinapeza mizu itabunga n'kumanunkha. Dzanja lozolowera dzuwa la kwathu limapha ndi chifundo. Nthawi yamdima chomera chimakhala ngati chagona, sichimwa kwenikweni, ndipo madzi amangokhala m'dothi. Pisani chala mpaka mfundo yachiwiri. Mukamva chinyezi, siyani. Mphika ukhale ndi bowo pansi, ndipo madzi otsalira m'kambale muziwataya. Timantchentche takuda touluka pamwamba pa dothi ndi mboni yoti mwanyanya.

Mdani wachiwiri ndi mmene nyumba za kuno anazimangira. Hita nthawi zambiri amaiika pansi pa windo, ndiye chomera chimapsa kunsi chikuzizidwa kumwamba. Usiku mukakoka katani, chimatsekeredwa pakati pa nsalu ndi galasi, pamalo pozizira kuposa paliponse m'chipindamo. Chilowetseni m'kati musanatseke. Kumbukiraninso kuti dzuwa la kuno limayenda chakumwera, osati chakumpoto ngati la kwathu mu Juni, choncho windo loyang'ana kumwera ndilo lowala kwambiri. Muzitembenuza mphika pang'ono sabata iliyonse kuti chomera chisapendekere mbali imodzi, ndipo muzipukuta fumbi pamasamba ndi kansalu konyowa. Feteleza musungeni mpaka kumapeto kwa Malichi kapena Epulo, masamba atsopano akayamba kuoneka. Ngati nyumba yanu imachita kale chuku m'makoma, musadzaze miphika yonyowa. Iwiri kapena itatu yakwana.

Ine mtima wanga uli pa ndiwo. Palibe chodyedwa chimene ndingaike pawindopo?

Chilipo, ndipo kwa ambiri a ife chimenechi ndicho chimafika pamtima kuposa duwa lililonse. Tengani mbatata ya kholowa, muibaye timitengo totokosera m'mano m'mbali, muikhazike pakamwa pa botolo theka lake lili m'madzi, pamalo ofunda. Zina za m'sitolo zimakana kuphuka, ndiye yesani ziwiri. Ikavomera, pakapita masabata angapo imatulutsa mizu yoyera, kenaka mphukira zofiirira, kenaka kholowa woyanga pawindo. Sangakwane mphika wa ndiwo, koma tsamba limenelo kuliona ku Leeds kapena ku Luton mu Febuluwale kuli ngati kumva munthu akulankhula Chichewa m'basi. Mitu ya anyezi wamasamba imene mumataya imaphukanso m'tambula ya madzi. Mpiru wofesa mothinana m'kabeseni umadulidwa uli waung'ono pakatha masabata awiri kapena atatu.

Tsabola ndiye nthawi yake yofesa ndi ino, chifukwa amachedwa kukula ndipo chilimwe cha kuno n'chachifupi. Amafuna kutentha kopitirira madigiri 20 kuti amere, ndipo mitundu yoyabwa kwambiri ngati kambuzi imatenga nthawi, moti ambiri amataya mtima n'kukhuthula dothi mbewu zili pafupi kutuluka. Maungu ndi bonongwe dikirani mpaka Epulo kuti mufese m'nyumba, ndipo musazitulutse panja mpaka kumapeto kwa Meyi, chisanu chitasiyiratu kugwa.

Pa za mbewu za kumudzi, ndikudziwa mmene mtima umachitira popakira sutikesi. Koma zomera ndi mbewu zobzala zolowa ku Britain kuchokera kwathu zimafuna chikalata cha boma chotsimikiza kuti zilibe matenda, ndipo zopanda chikalata amalanda pabwalo la ndege. Mbewu za bonongwe, mpiru ndi maungu zimagulitsidwa konkuno, kungoti ndi mayina ena.

Ndagula maluwa, ndathirira, koma mtima udakali wolemera. Nditani?

Pitani kwa dokotala. Kwathu tinaphunzitsidwa kulimba mtima, ndipo mawu akuti kuvutika maganizo ena amawamva ngati manyazi kapena kuchepa chikhulupiriro. Koma ngati padutsa masabata awiri kapena kuposerapo mukulephera kudzuka, chakudya sichikukoma, foni ya abale simukuiyankha, ntchito ikukukanikani, amenewo ndi matenda, ndipo hyacinth sangawachize. Kaonaneni ndi GP wanu. Ngati maganizo afika pofuna kudzivulaza, musadikire m'mawa: a Samaritans amayankha usana ndi usiku pa 116 123, kwaulere.

Pali zina zothandizana ndi maluwa aja. Nyale zapadera zowala malakisi 10,000, zimene munthu amakhala pafupi nazo theka la ola m'mawa, zimathandiza anthu ambiri. Kuti muone kusiyana, chipinda choyatsa magetsi chimangokhala ndi malakisi mazana ochepa, pamene panja, ngakhale kuli mitambo, kumawala kuposa pamenepo kangapo. N'chifukwa chake kuyenda panja masana, ngakhale mphindi 20 pa nthawi yopuma, kuli ndi phindu, ndipo kukazonda crocus wa m'paki ndi chifukwa chabwino chovalira nsapato. A NHS amalangizanso aliyense kumwa vitamini D wokwana mamayikulogalamu 10 patsiku kuyambira Okutobala mpaka Malichi, ndipo kwa ife a khungu lakuda amati ndi bwino kutero chaka chonse, chifukwa dzuwa la kuno silikwana kuti thupi lathu lipange wokwanira. Ndipo kamwana ka spider plant kaja kakamera mizu, kapititseni kwa mnzanu wina amene mwatha masabata osamuona kutchalitchi. Mupeza chonamizira chogogodera pakhomo pake.

Nanga mdimawu utha liti, ndipo miphika ija nditani nayo maluwa akafota?

Wayamba kale kutha, kungoti maso sanavomere. Kumapeto kwa Febuluwale usana ku London umaonjezekera mphindi zitatu kapena zinayi tsiku lililonse, moti mwezi umene unayamba ndi maola 9 umatha uli pafupi ndi 11. Cha pa 20 Malichi usana ndi usiku zimalingana, ndipo Lamulungu lomaliza la mwezi umenewo mawotchi amawapititsa patsogolo ndi ola limodzi. Lolemba lake mudzaweruka kuntchito kunja kukuwala. M'mipanda ya m'misewu mudzayera maluwa a blackthorn, magnolia adzamasula pa nthambi zopanda masamba, ndipo kumapeto kwa Epulo pansi pa nkhalango padzakhala buluu ndi maluwa a bluebell.

Miphika ija musataye. Dulani duwa lofotalo koma masamba muwasiye, muzithirira pang'onopang'ono kwa masabata 6 kapena mpaka atachita chikasu okha, chifukwa nthawi imeneyo ndi imene mutu ukudzazanso nkhokwe yake. Kenaka ikwirireni panja, mozama katatu kutalika kwa mutuwo. Wopanda bwalo apemphe kakona kwa aneba kapena kutchalitchi. Hyacinth wokakamizidwa kumasula m'nyumba amabwera wowonda chaka chotsatira, koma kadaffodil ka Tête-à-tête kamaberekana. Kanga koyamba ndinakakwirira pafupi ndi bini, kuseri kwa nyumba imene ndinasamukamo kalekale. Mu Malichi wathayu ndinadutsako pa basi ndipo ndinasuzumira: pamene panali mitu itatu tsopano pali chitsamba, ndipo amene akukhalamo anachizunguliza ndi timiyala.